Timatumba ta pa Mtengo wa Mapichesi

Chaka chimene anthu a m'mudzi mwathu anatsala pang'ono kupha bambo anga, mtengo wa mapichesi wa kuseri kwa nyumba unachita maluwa kuposa zaka zonse. Ndimakumbukira chifukwa ndine ndinkasesa maluwawo m'mawa uliwonse, uku ndikung'ung'udza. Sindinkadziwa kuti usanathe mwezi ndidzaima pansi pa mtengo womwewo ndikuyang'ana makasu ndi zikwanje m'manja mwa anthu amene ndinakulira nawo limodzi.

Kwathu ndi chakufupi ndi Thambani, ndipo kuno munthu wanzeru zake amadzala manachesi. Mapichesi ndi a kumapiri. Mtengo wake umafuna kuti chisanu chiulume ndithu mu Juni ndi Julaye, uyoyole masamba, ugone, kenako udzuke ndi maluwa. Tsono kuzizira kwa kuno n'kwamasewera. Juzi umavala m'mawa, ikamakwana naini wavula kale. Ukabweretsa kuno mtengo wa mapichesi abwino umangobalalika, tsamba apa, duwa limodzi apo, chipatso osachiona. Umene umapirira ndi mtundu umodzi wokha, ngati uja wa kuseri kwathu, koma tizipatso take n'tating'ono, tolimba, towawasa moti ngakhale mbuzi imayamba yanunkhiza kaye kawiri.

Bambo anga sanali a kuno. Anabadwira ku Angonia, ku Mozambiki, kumapiri kumene m'mawa umatuluka utsi m'kamwa. Ali mnyamata ankagwira ntchito m'munda wa zipatso wa Mpwitikizi wina, ndipo kumeneko ndi kumene manja awo anaphunzira mitengo. Nkhondo itafika povuta anathawa ndi mayi, ine ndili kumsana, n'kudzafikira kuno. Nkhondo itatha anzawo ambiri anabwerera, koma iwo anatsala, chifukwa mayi anali atagona kale m'manda a kuno. Anthu anawalandira bwino. Aliyense wofuna kumezanitsa manachesi pa tsinde la ndimu ankabwera kwa bambo, ndipo mitengo yambiri imene ikudyetsa mabanja m'mudzi muno inadutsa m'manja mwawo.

Koma mtima wawo sunali pa manachesi. Pa bwinja la makolo awo ku Angonia panatsala mtengo umodzi wa mapichesi akuluakulu, achikasu, oti ukaluma madzi amatsikira m'chigongono. Bambo ankafuna kukwatitsa mtengo umenewo ndi wathu wowawasawu, kuti pabadwe ana otenga kukoma kwa kumapiri ndi kupirira kwa kuno. Mawu awo anali omwewo, kukwatitsa, ndipo ankawanena osaseka ngakhale pang'ono.

Ntchito yake inkayenda chonchi. Ogasiti akayamba ankawoloka malire, masiku awiri kupita, masiku awiri kubwera, kukathyola maluwa osatseguka a mtengo wa kwawo uja. Ankawayanika papepala mumthunzi mpaka mungu, kafumbi kachikasu ka m'maluwa kaja, utagwa, n'kuuthira m'kabotolo kakale ka mapiritsi. Akafika kuno ankasankha maluwa a mtengo wathu amene anali asanatseguke, n'kuwang'amba ndi zikhadabo, kuchotsa zonse kungosiya kanthu kamodzi ka pakati. Pamenepo ankapakapo mungu uja ndi nthenga ya nkhuku. Akatero ankaveka duwalo kathumba ka nsalu n'kumanga kukamwa kwake, kuti njuchi isabwere ndi mungu wa mtengo wina. Kathumbako kankakhala pomwepo mpaka chipatso chitakula, chifukwa ndiko kokha kankasonyeza kuti ichi n'cha ukwati uja, osati chipatso wamba. Nthangala za zipatso za m'timatumba ndizo ankaswa, njere zake n'kuzikwirira mumchenga wonyowa m'chitini, n'kukazisungitsa mufiriji ya golosale ina ku Thambani, popeza nazonso sizimera zisanamve kuzizira. Akadzala, ankadikira zaka zinayi kuti aone mwana watengera ndani.

Zaka zinayi! Ine ndinkati ukalamba ndi umenewu. Mbande zina zinadyedwa ndi mbuzi, zina zinapsa ndi moto wa osaka mbewa, zina zinakula bwinobwino n'kubereka tizipatso towawasa tomwe tija. Pa nthawiyo banja langa linali litatha, ndinabwerera kwa bambo, ndipo ndinkagulitsa manachesi ku boma. Ndikabwera madzulo khosi likuwawa ndi dengu, n'kuwapeza ali pansi pa mtengo, nthenga m'manja, magalasi pamphuno, mkwiyo unkandikwera. Ndinkati, "Ababa, anzanu akukolola, inu mukusisita maluwa." Iwo ankangoseka n'kunena kuti, "Filya, usathamange." Filya ndi mmene ankanditchulira, m'Chipwitikizi, kutanthauza mwana wamkazi.

Chaka chimenecho anabwerako ku Angonia atatopa kwambiri, mapazi atatupa. Anati amene akulima pa bwinja lija akufuna kudula mtengo uja kuti awonjezere munda wa mbatatesi, ndipo nkhwangwa inali itayamba kale kulawa tsinde. Mungu wa m'kabotolo unali womaliza. Anandipempha kuti ndiwasokere timatumba tambiri kuposa kale.

Apa ndiye panali kulakwa kwanga, ndipo sindikubisa. Zaka zonse ndinkasoka timatumba ndi nsalu yoyera. Ulendo uno nsalu yoyera inatha nditangosoka khumi, ndipo ndinachita ulesi kupita kumsika kukagula ina. Ndinang'amba siketi yanga yakale yakuda, n'kusoka ndi ulusi wofiira umene unali m'nyumba. Timatumba makumi anayi, takuda bii, tomangidwa ndi ulusi wofiira. Ine wokulira m'mudzi ndimadziwa bwino mmene chithumwa chimaonekera, koma maganizo anga anali pa manachesi amene ankandiwolera m'dengu. Komanso chaka chimenecho nthambi za mtengowo zinali zitakula mpaka kulendewera pa kanjira kamene anthu amadutsa popita kumsewu.

Woyandikana nafe anali bambo wina wowotcha makala, mwamuna wa mnzanga wapamtima amene tinkapita naye limodzi ku boma. Munthu wabwinobwino, wansangala. Tsiku lina m'mawa ankakankha njinga atasanja matumba atatu a makala, ndipo thumba lapamwamba linakola nthambi n'kuithyola. Timatumba tisanu tinagwera m'fumbi. Bambo, amene masiku onse ankayenda modekha, anathamanga. Anagwira kaliyala wa njinga, akukalipa m'Chichewa chosakaniza ndi Chipwitikizi, misozi ili m'maso. Kenako anagwada, anatola timatumba tija n'kutifungata pachifuwa. Azimayi atatu amene ankachokera kumjigo anaima n'kuona zonse. Wa makala uja anapepesa, anaseka mwamanyazi, n'kumapita.

Patapita masiku anayi anagwa pa uvuni wake wa makala. Anamupeza kukamwa kutapindika, dzanja ndi mwendo wa mbali imodzi zitafa. Kuchipatala ku boma anati ndi sitiroko, magazi ankathamanga kwa nthawi yaitali iye osadziwa. Kumudzi anati amumenya hamala, nyundo ya afiti ija imene amati imamenya munthu osaoneka. Ndipo palibe amene anavutika n'kufunsa kuti wamenya ndani.

Mantha anga anabwera pang'onopang'ono. Anthu anayamba kufupikitsa moni. Mayi amene ankabwera tsiku lililonse kudzapempha mchere kapena moto anasiya. Wa kabaza amene ankanditenga ndi dengu langa anandidutsa pamsewu akuyang'ana kumbali, kumbuyo kwake kulibe munthu. Ndikafika pamjigo mzere unkanditsegukira wokha, azimayi n'kuchotsa ndowa zawo kuti zisagundane ndi yanga. Masana ena mwala unagwa pa denga lathu la malata, ndipo nditatuluka kanjira kanali zii. Ndinapita kuchipatala ndi phala m'fulasiki. Mnzanga uja analandira ndi manja awiri, anathokoza osandiyang'ana. Ndikutuluka ndinacheuka, ndipo ndinamuona akulikhuthulira mu ngalande kuseri kwa wodi.

Pa pikapu yobwerera kumudzi ndinkangoganiza za bambo. Ndinali nditamvapo pa wailesi za nkhalamba zimene zinaphedwa ndi anansi awo chifukwa cha nkhani ngati yomweyi, ndipo nthawi zonse ndinkangoti, kalanga, anthu ena alibe mtima, n'kupitiriza kusenda chinangwa. Tsopano nkhalambayo inali bambo anga. Analinso munthu wobwera, wopanda achimwene kapena adzukulu owaimira. Mbale wawo yense m'dziko muno ndinali ine ndekha, wamkazi, wobwerako ku banja.

"Ababa, tiyeni tichotse timatumbati," ndinatero nditangofika. "Anthu akuti ndi zithumwa. Akuti ndinu mwamumenya munthu uja."

Anandiyang'ana kudzera pamwamba pa magalasi. "Ine? Ndi nthenga ya nkhuku?"

"Si zoseka izi. Akuphani anthuwa."

"Maluwa onse ayoyoka tsopano," anatero. "Tizipatso tonse tikufanana. Ndikachotsa kathumba, ndidziwa bwanji mwana wa kwathu? Mungu wina kulibe, filya. Mtengo uja pano ndi nkhuni."

"Ndiye pitani ku boma mukakhaleko kaye, mpaka zinthu zizizire."

"Ndinathawa kamodzi," anatero. "Zinakwana."

Ndinakalipa, ndinalira, ndinawauza kuti ndi ouma mutu. M'mawa mwake ndinatuluka ndi sizasi m'chitenje kuti ndidule ndekha, koma ndinawapeza atakhala kale pampando wawo pansi pa mtengo, ndipo anakhala pomwepo tsiku lonse. Kenako ndinaganizanso kuti anthu akadzaona timatumba tachoka adzati tabisa umboni. Kusiya kunali koopsa, kuchotsa kunali koopsa. Chakudya chinasiya kulowa. Njinga iliyonse ikaliza belu pa kanjira kaja, ndinkathamangira pazenera kukasuzumira.

Ndinayesa kufuna thandizo. Ku Thambani kunali mlangizi wa zaulimi, wochokera kumpoto, amene ankawadziwa bambo ndi ntchito yawo. Nditamufotokozera anaseka mpaka kugwira patebulo. "Mayi, ija ndi sayansi basi," anatero. "Madala aja amadziwa kuposa enafe tinapita kusukulu." Ataona kuti ine sindikuseka, anasiya. Analonjeza kuti akangobwerako ku msonkhano wa ku boma adzafika m'mudzi Lachisanu, adzaitanitse anthu pansi pa mtengo n'kuwalongosolera. Ndinabwerera ndikuwerenga masiku ndi zala. Ndinkapempherera wa makala uja kuposa mmene ndinapemphererapo munthu aliyense, ndipo ndikuvomera kuti sindinkapempherera iye kwenikweni.

Anamwalira Lachiwiri, maliro n'kuika Lachitatu.

Ku maliro tinapita, chifukwa kusapita kukanakhala kuvomera. Bambo atakhala pa benchi, azibambo amene anali pamenepo ananyamuka mmodzimmodzi, ngati akumbukira ntchito zina, mpaka bambo anatsala okha pa benchi lalitali. Ine nditalowa m'nyumba ya siwa, nyimbo inazima pakati. Nditafuna kuthandiza kutsuka mbale, mayi wina anandilanda beseni mwaulemu kwambiri, nati, "Pumulani, achemwali." Kumanda mlaliki analalikira za chikondi, koma maso a anthu sanali pa iye. Dothi lomaliza litangoponyedwa ndinawanong'oneza bambo kuti tizipita, ndipo ulendo uno anamvera.

Tinali titangofika kunyumba, dzuwa lili pamutu, pamene ndinamva phokoso. Anyamata okumba manda akamaliza ntchito amapita kukatsuka makasu kumtsinje. Tsiku limenelo sanapite kumtsinje. Anabwera ndi makasu akadali ndi dothi lofiira la kumanda, kumbuyo kwawo kuli khamu, azibambo ndi azimayi, ena atanyamula zikwanje, ena miyala. Patsogolo panali mkulu wake wa malemu. Mnzanga uja, namfedwa, anali pakati, azimayi awiri atamugwira m'mikono. Bambo anatenga mpando wawo n'kukakhala pansi pa mtengo. Ine ndinangogwira chitseko.

"Madala," anatero mkulu wa malemu, mawu ali pansipansi. "Tiuzeni. Mwamangamu muli chiyani?"

Bambo anaimirira n'kuvula chipewa. Moyo wawo wonse ankakhulupirira kuti munthu ukamufotokozera bwinobwino amamva. "Ana anga, ine ndikukwatitsa mitengo," anatero. "Uwu ndi wamkazi. Wamwamuna ali kwathu ku Angonia."

Khamu linabangula. "Mwamva? Akuvomera!" wina anakuwa. "Mankhwala ake amakatenga ku Mozambiki!"

"Ayi, dikirani, ndikuonetseni," anatero bambo, n'kupisa m'thumba la jekete. Anatulutsa kabotolo kaja, kamene kanali ndi mungu wotsala pang'ono pansi, n'kukakweza m'mwamba kuti onse aone. Azimayi anakuwa n'kubwerera m'mbuyo. Mwala unachokera kumbali n'kuwamenya pamwamba pa diso. Magalasi anagwa. Magazi anatsikira pa kolala, ndipo ndinaona makasu akukwera.

Sindikumbukira mmene ndinachokera pachitseko. Ndimangokumbukira kuti ndinali pakati, msana wanga uli kwa bambo, ndipo ndinkaseka. Kuseka kokuwa, konyansa, koti ine mwini sindinakuzindikire. Mkodzo unkatsika m'miyendo mwanga mkati mwa chitenje.

"Abale inu, mukufuna kupha wamisala?" ndinatero. "Zoona? Amuna onsewa, makasu onsewa, chifukwa cha nkhalamba yozungulira mutu? Bambo angawa mutu unasokonekera kalekale kunkhondo. Simukudziwa inu, ndimakhala nawo ndine. Amalankhula ndi mitengo. Amaveka maluwa zovala ngati makanda. Anandivutitsa mpaka ndinang'amba siketi yanga kuti andisiye ndipume!"

Anthu anaima pang'ono. Ndinaona kuti sizinakwane, ndiye ndinawonjezera chimene sindinayenera kuuza munthu aliyense. "Tayala la galimoto likaphulika kumsewu, munthu wamkulu uyu amathamangira pansi pa bedi, akulira, kuitana amayi ake. Ndimachita kumukoka mwendo. Mfiti imabisala pansi pa bedi?"

Zimenezo zinali zoona. Zinkachitika kawiri kapena katatu pachaka, ndipo zikatha sitinkazitchula. Ngakhale mwamuna wanga wakale sindinamuuzepo. Kumbuyo kwa khamu wina anaseka, kenako wina.

"Nanga ufawo?" anafunsa mkulu wa malemu.

Ndinatsomphola kabotolo m'manja mwa bambo, ndinatsegula, n'kukhuthulira zonse pa lilime. Munguwo unali wouma, wowawirako pang'ono. Ndinameza, ndinanyambita chala, ndinapukuta mkati mwa kabotolo, ndinamezanso. "Ngati ndi mankhwala, ndigwe pompano muone," ndinatero.

Sindinagwe. Ndinatambasula dzanja n'kumasula kathumba koyamba. Mkati munali kachipatso kobiriwira, kaubweya, kakang'ono ngati mtedza. Ndinakokera nthambi pansi kuti aone. Mkulu wa malemu anasendera, anayang'ana, anatembenuza kathumbako n'kukakutumula. Munalibe kanthu.

"Masulani tonse," anatero.

Ndinayamba. Ulusi wina ndinkadula ndi mano. Kathumba kalikonse ndikamasula, kachipatso kake kankasowa pakati pa tinzake tambirimbiri pa nthambi yomweyo. Ndinkadziwa chimene ndikuchita. Nditafika chapakati ndinamva dzanja la bambo pa mkono wanga, lonyowa ndi magazi.

"Filya," ananong'ona. "Siyako tiwiri tokha. Kapena ndimangepo kaulusi."

Anthu ankayang'ana. Akanamanga kanthu kalikonse pamtengopo, zonse zimene ndinanena zikanagwa. Ndinamenya dzanja lawo, mpaka kumveka, n'kukuwa kuti, "Khalani pansi inu! Mwatichititsa manyazi mokwana!" Bambo anakhala pansi. Chibadwire ndinali ndisanawakhudzepo mwaukali.

Kathumba komaliza ndinaitana mnzanga uja kuti amasule yekha. Anabwera akudzikoka, anamasula, anayang'ana kachipatsoko nthawi yaitali. Kenako anakhala pansi m'fumbi n'kuyamba kulira mwamuna wake, kulira kwenikweni, kopanda wina womuloza chala. Azimayi anamunyamula. Anyamata aja anaunjika timatumba tonse n'kutitentha, kuti asaoneke ngati abwera pachabe, kenako anatsikira kumtsinje kukatsuka makasu. Mkulu wa malemu pochoka anati, "Muziwasamala madalawa, achemwali. Asamangomanga zinthu." Ndinayankha kuti zikomo. Atapita onse ndinasanza kuseri kwa bafa mpaka m'mimba munauma.

Bala la pamphumi ndinawatsuka ndi madzi amchere. Mlangizi uja anabweradi Lachisanu pa njinga yamoto, anapeza phulusa, anakhala ndi bambo pang'ono n'kubwerera.

Njira yanga inagwira ntchito, mwinanso mopitirira. Palibe amene anawaopanso bambo. Azibambo amene kale ankabwera chipewa chili m'manja kudzapempha kuti akawamezanitsire manachesi anasiya kubwera, chifukwa ndani angapereke mitengo yake kwa wamisala? Ankangowapatsa moni wa masewera: "Agogo, akwati adzuka bwanji lero?" Galimoto ikaphulitsa tayala kumsewu, anthu ankacheukira kunyumba kwathu akumwetulira. Bambo ankayankha aliyense mwaulemu.

Mu Disembala mapichesi atapsa anatola onse, osasiya ngakhale limodzi, ogwa pansi ndi obooledwa ndi mbalame omwe. Nthangala zinadzaza ndowa. Anati adzala zonse kudimba, popeza ana a kwawo ali momwemo ngakhale sakuwadziwa nkhope. Masana ena tinakhala pakhonde tikuswa nthangalazo ndi mwala kuti titulutse njere za mkati. Ndipo osadzutsa mutu anandifunsa.

"Zija unanena tsiku lija, unazipeka pomwepo, kapena unali nazo kale mumtima?"

"Ababa, ndinkafuna mukhale ndi moyo."

"Ndikudziwa. Unachita bwino. Koma si zimene ndafunsa."

Ndinaswa nthangala ina. Mawu aja sanandivute kuwapeza tsiku lija. Anatuluka okha, osalala, chifukwa ndinali nditawanena kambirimbiri mumtima ndikusesa maluwa ndi kusoka timatumba. Bambo anadikira pang'ono, kenako anakoka ndowa n'kupitiriza kuswa. Sanafunsenso, ndipo ine sindinayankhe mpaka lero.

Anamwalira m'chaka chachitatu, ndi chifuwa, pa bedi lawo, ndipo anyamata omwe aja anawakumbira manda abwino. Chaka chotsatira mitengo ya kudimba inayamba kubereka. Yambiri inatengera wa kuseri kwa nyumba, towawasa tomwe tija. Koma itatu, kumapeto kwa mzere, inabereka mapichesi akuluakulu achikasu. Ndinaluma limodzi nditaima pomwepo, madzi anatsikira m'chigongono, ndipo ndinakhala pansi m'dimbamo n'kulira kuposa tsiku la maliro.

Ntchito sinathe. Mitengo itatuyo imabereka chaka chimene kwazizirako, chaka chofunda imangogona. Bambo anandiuziratu kuti zidzatero, ndipo kuti padzafunika kuikwatitsanso, anawo okhaokha, n'kusankha pa zidzukulu zake. Zonse ndimadziwa, kung'amba duwa, kuyanika mungu, kugwira nthenga. Timatumba ndinasoka kale, toyera mbee, nsalu yatsopano, tili m'sutikesi. Ogasiti aliyense ndimatitulutsa n'kupita nato kudimba. Ndimasankha duwa, ndimatsegula kathumba. Ndiye penapake pa kanjira njinga imaliza belu, ndipo ndimapeza manja anga abisa kale kathumbako m'chitenje. Chaka chino maluwa ayoyokanso ndisanamange ngakhale kamodzi.